Laputopu ikamachedwa, fufuzani kaye musanaifomate

Pali vuto limene limabwerezabwereza pa malaputopu ambiri a m'nyumba zathu, makamaka aja ogula akale a HP, Dell ndi Lenovo omwe anagwirapo ntchito m'maofesi akunja asanafike kuno. Mukaiyatsa imatenga nthawi kuti ikonzeke. Ikakonzeka, mukadina Chrome kapena Word sipachitika kanthu, kamuvi kamangozungulira, ndipo pakapita kanthawi mawindo atatu amatseguka pakamodzi chifukwa munadina katatu. Mukapita nayo kwa wokonza, kawirikawiri yankho limakhala limodzi: "Ili ndi vayirasi, tiifomate." Amaifomatadi, imathamanga milungu ingapo, kenako n'kubwerera mwakale. Ndalama zapita, nthawi zinanso zithunzi za ana zapitira limodzi.

Kufomata kuli ndi nthawi yake, koma kufomata musanadziwe chomwe chikuchedwetsa kompyuta n'kungoombeza. Hard disk yomwe ikufa sichira poikamo Windows watsopano, ndipo fani yodzaza fumbi siyera ndi kufomata. Zida zambiri zofufuzira zili kale mu Windows 10 ndi 11, ndipo zingapo zomwe mungafunike kutsitsa pa intaneti n'zaulere komanso zazing'ono moti sizingakumalizireni bandulo.

Yambani ndi Restart

Mu Windows muli chinthu chotchedwa Fast Startup. Mukadina Shut down kompyuta sizima kwathunthu. Imasunga gawo lina la Windows pa disiki kuti mawa idzayake msanga, ndipo zosokonekera za dzulo zimadzuka nazo limodzi. Restart ndiye imayamba zonse mwatsopano. Kuti mutsimikize, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, pitani pa Performance, sankhani CPU (ubongo wa kompyuta), muone pamene palembedwa Up time. Mukapeza masiku ambirimbiri pomwe inu mumaizimitsa usiku uliwonse, dziwani kuti sinali kuzima.

Mukachita Restart, tsegulaninso Task Manager pa Processes ndipo muisiye mphindi zisanu osatsegula china chilichonse. Pamwamba pali CPU, Memory, Disk ndi Network, chilichonse ndi nambala yake. Chomwe chili pafupi ndi 100% ndicho chikutsamwitsa kompyuta. Mukadina dzina lake, pulogalamu yomwe ikudya kwambiri imakwera pamwamba pa mndandanda. Zonse zotsatirazi zimayambira pa zimene mwaona apa.

Disk ikakhala pa 100%

Apa ndi pamene pamagona vuto la malaputopu ambiri akale, choncho tipafatse.

Onani kaye yemwe akuidya. Ngati ndi Windows Modules Installer Worker, ndiye kuti Windows akuika zatsopano. Ilumikizeni ku magetsi muisiye imalize, ngakhale zitenge ola lathunthu kapena kupitirira. Ngati ndi Antimalware Service Executable, ameneyo ndi Microsoft Defender akufufuza mafayilo. Anthu ambiri amamuyesa vayirasi chifukwa cha dzinalo n'kumalimbana naye, chonsecho ndiye mlonda wawo. Ngati ndi SysMain, mukhoza kumuimitsa kwa tsiku limodzi kuti muone ngati pali kusintha: dinani batani la Windows ndi R, lembani services.msc, pezani SysMain, dinani Stop.

Chizindikiro chodetsa nkhawa ndi ichi: Disk ili pa 100%, koma palibe pulogalamu yomwe ikuwerenga zambiri, zonse zikusonyeza 0.1 kapena 0.5 MB/s. Pitani pa Performance, sankhani Disk. Pamenepo muona ngati yanuyo ndi HDD kapena SSD, komanso Average response time. Nambala imeneyi ikamafika masauzande a ms (ms 1,000 ndi sekondi imodzi) pafupipafupi, disikiyo ikuvutika kuwerenga, ndipo ikhoza kukhala kuti yayamba kuwonongeka.

Chida chotsimikizira ndi CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere ya ku Japan. Disiki iliyonse imasunga yokha mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART, ndipo pulogalamuyi imangowerenga mbiriyo n'kukuonetsani. Ikalemba Good, mu mtundu wa buluu, sinapeze cholakwika. Ikalemba Caution, mwachikasu, yang'anani mizere itatu m'munsimo: Reallocated Sectors Count, Current Pending Sector Count ndi Uncorrectable Sector Count. Imeneyi ikunena za malo a pa disiki omwe awonongeka kale kapena omwe akukanika kuwerengeka. Ikalemba Bad, mofiira, nthawi yatha.

Mukaona chikasu kapena chofiira, siyani zina zonse. Musachite defragment, musayambe chkdsk, musaike antivayirasi kuti afufuze disiki yonse, chifukwa ntchito zimenezi zimaikakamiza kuwerenga malo onse ndipo zikhoza kuimaliziratu. Koperani mafayilo anu pa disiki ina, kuyambira zomwe simungazipezenso: makalata, ntchito za kusukulu, mabuku a bizinesi, zithunzi. Mafilimu ndi nyimbo zibwere pomaliza. Kukopera kukaima pa fayilo ina, idumpheni mupitirize ndi zina. Disiki ikamalira kuti "tiki, tiki" mobwerezabwereza, mwina imeneyo ndi nthawi yomaliza kuti iyake, ndiye musaizimitse musanakopere.

Pulogalamu yomweyi imaonetsanso Power On Hours, maola onse omwe disikiyo yakhala ikuyaka. Chaka chili ndi maola 8,760, choncho disiki ya maola 26,000 yagwira ntchito pafupifupi zaka zitatu usana ndi usiku. Ndimalimbikitsa aliyense wopita kukagula laputopu yakale kuti anyamule CrystalDiskInfo pa fulashi, aitsegule pamaso pa wogulitsa asanapereke ndalama. Ilipo ya mtundu wosafuna kuika mu kompyuta, mumangoitsegula pa fulashi pomwepo.

Nanga ikalemba Good koma kompyuta ikuchedwabe? Ngati disikiyo ndi HDD, vuto ndi mtundu wake. Mu HDD muli mbale yozungulira, ya m'malaputopu ambiri imazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndi kamkono komwe kamayenda kufunafuna fayilo iliyonse. Windows 10 ndi 11 amawerenga timafayilo tambirimbiri nthawi imodzi, ndipo kamkonoko sikangakwanitse. Mu SSD mulibe chozungulira. SSD ya SATA ya mainchesi 2.5 imalowa pamalo pomwe panali HDD, ndipo ya 256GB ndi yokwanira Windows, Office ndi mafayilo a tsiku ndi tsiku. Palibe pulogalamu iliyonse, yaulere kapena yogula, yomwe ingathamangitse laputopu yakale monga mmene SSD imachitira. Ngati muli ndi ndalama yokonzera chinthu chimodzi chokha, ikani pamenepa. HDD yakaleyo, ngati ili bwino, igulireni kabokosi ka USB isanduke yosungira mafayilo.

Memory ndi zoyamba zokha

Memory ikamakhala pamwamba pa 85% musanatsegule zambiri, RAM, yomwe imasunga kwakanthawi zimene mwatsegula, yachepa. Ikadzaza, Windows amayamba kutaya zina pa disiki, ndipo Disk nayo imakwera. N'chifukwa chake mavuto awiriwa amayendera limodzi. 4GB ndi yochepa kwa munthu wotsegula masamba khumi mu Chrome. Pa Performance, pansi pa Memory, pali mzere wa Slots used. Ukalemba 1 of 2, ndiye kuti pali malo owonjezera. Musanagule, tsegulani CPU-Z muone ngati yanu ndi DDR3 kapena DDR4, chifukwa sizilowana.

Kenako pitani pa Startup mu Task Manager, kapena Startup apps mu Windows 11. Zonse zolembedwa Enabled zimayamba zokha kompyuta ikayaka. Spotify, Teams, uTorrent ndi zina zotero zichiteni Disable. Sizifufutika, mudzazitsegula nokha mukazifuna. Za mawu, za touchpad ndi Windows Security zisiyeni. Ngati muli ma antivayirasi awiri kapena atatu omwe anaikidwa ndi anthu osiyanasiyana, achotseni kudzera pa Apps mu Settings, mutsale ndi mmodzi. Akachuluka amalimbana, aliyense kufufuza fayilo yomweyo. Kwa kompyuta ya pakhomo, Defender amene ali kale mu Windows ndi wokwanira, bola azilandira zatsopano.

Fulashi ikasanduka ma shortcut okhaokha

Vayirasi imene ndimakumana nayo kwambiri ndi iyi. Mwapita kukasindikiza kalata kapena kukawotcha nyimbo, mwabwera, mwalowetsa fulashi, ndipo mafoda anu onse ali ndi kamuvi pakona, kapena mwangotsala shortcut imodzi ya dzina la fulashiyo. Mafayilo anu sanafufutike. Vayirasiyo yawabisa n'kuika ma shortcut m'malo mwake, kuti mukadina ikutsegulireni foda yanu uku iyo ikulowa mu kompyuta mwakachetechete. Kuyambira pamenepo fulashi iliyonse yolowa mu kompyutayo imatuluka ndi matendawo.

Anthu ambiri amafomata fulashi n'kudabwa kuti vuto labweranso. Chifukwa chake n'chakuti gwero lili mu kompyuta, choncho yambani ndi kompyutayo. Chotsani fulashi. Mu Task Manager pitani pa Details mufunefune wscript.exe, mavayirasi ambiri a mtunduwu amayendera pulogalamu imeneyi, ndipo pa kompyuta ya pakhomo sikawirikawiri kuti izingoyaka popanda chifukwa. Ichiteni End task. Kenako dinani Windows ndi R, lembani shell:startup, ndipo mu foda yomwe itseguke muone ngati muli fayilo yothera ndi .vbs kapena .js, kapena shortcut yomwe simukuidziwa.

Chida chabwino kuposa apa ndi Autoruns, ya m'gulu la Sysinternals la Microsoft. Imaonetsa chilichonse chomwe chimayamba chokha, ngakhale zomwe Task Manager saonetsa. Pa Options sankhani Hide Microsoft entries kuti mndandanda uchepe, ndiye muyang'ane pa Logon ndi pa Scheduled Tasks. Chokayikitsa ndi chomwe chili ndi dzina la zilembo zosamveka, chopanda dzina la kampani, cholozera mu foda ya AppData kapena Temp. Musafufute msanga, ingochotsani kachizindikiro ka m'kabokosi, kuti mukalakwitsa mudzabwezeretse. Mukakayikira fayilo, itumizeni pa tsamba la VirusTotal, pomwe ma antivayirasi ambiri amaiyeza pakamodzi. Koma musatumizeko makalata anu achinsinsi, chifukwa zotumizidwa kumeneko zimaonedwa ndi akatswiri ena ofufuza mavayirasi.

Tsopano tsegulani Windows Security, pitani pa Virus & threat protection, kenako Scan options, musankhe offline scan ya Microsoft Defender. Kompyuta izima n'kuyakanso pa sikirini ina, ifufuza pafupifupi mphindi 15 Windows asanadzuke, nthawi yomwe vayirasi singathe kudziteteza. Ngati kompyutayo sikhala pa intaneti ndipo Defender ndi wakalekale, tsitsani pa kompyuta ina Microsoft Safety Scanner, mubwere nayo pa fulashi yoyera. Imagwira ntchito masiku 10 okha chiitsitsireni, ndiye musaisunge kuti mudzagwiritse chaka chamawa.

Kompyuta ikayera, lowetsani fulashi ija koma musadine chilichonse m'menemo. Onani chilembo chake, tinene kuti ndi E. Tsegulani Command Prompt mulembe:

attrib -h -r -s E:\\*.* /s /d

Lamulo limeneli limavundukula zonse zobisidwa. Likatha, lembani:

del E:\\*.lnk

kuti ma shortcut achoke. Kawirikawiri mafayilo anu mumawapeza mu foda yopanda dzina. Koperani okhawo omwe mukuwadziwa, musiye .vbs, .exe ndi autorun.inf, ndipo tsopano mukhoza kuifomata fulashiyo.

Kuti zisabwerenso, mu File Explorer pa View yatsani File name extensions. Mukatero "foda" yothera ndi .exe kapena chithunzi cholembedwa .jpg.exe mudzazizindikira musanadine. Popita kosindikiza, tumizani PDF pa imelo kapena pa WhatsApp, apo ayi khalani ndi kafulashi kapadera ka maulendo amenewo, komwe simusungamo chilichonse chofunika. Pa nkhani yomweyi ya mafulashi, alipo abodza olembedwa 64GB kapena 128GB pomwe mkati mwake ndi ochepa. Mafayilo amaoneka ngati alowa koma satseguka. Pulogalamu ya H2testw imadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso, ndipo imanena kukula kwake kwenikweni.

Mauthenga otumphuka pakona ya sikirini onena kuti kompyuta yanu ili ndi mavayirasi asanu nthawi zambiri si vayirasi ayi. Ndi tsamba lina la pa intaneti lomwe munalilola kutumiza mauthenga mutadina Allow. Mu Chrome pitani pa Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications, muchotse masamba omwe simukuwadziwa. Ngati tsamba loyambira lasintha lokha kapena malonda akungotseguka, AdwCleaner ya Malwarebytes imachotsa zimenezo m'mphindi zochepa.

Choopsa kwenikweni chimalowera pa mapulogalamu obedwa ndi tija timati ta "activate" Windows kapena Office, tomwe timakuuzani kuti muzimitse kaye antivayirasi. Vayirasi yotchedwa STOP kapena Djvu yafalikira kwambiri kudzera njira imeneyi. Imakhoma mafayilo anu onse, kuwonjezera zilembo zachilendo kumapeto kwa dzina lililonse, n'kusiya kalata ya _readme.txt yofuna madola mazanamazana. Zikakuchitikirani, chotsani intaneti ndi ma disiki onse akunja nthawi yomweyo, ndipo mafayilo okhomedwawo musawafufute. Pa tsamba la No More Ransom, lomwe linakhazikitsidwa mu 2016 ndi Europol, apolisi a ku Netherlands ndi makampani a chitetezo, pali makiyi aulere a mavayirasi ena, ndipo Emsisoft ili ndi chida cha STOP. Ndinene mosabisa kuti mafayilo ambiri okhomedwa ndi mitundu yatsopano satseguka. Amene amapulumuka ndi amene anali ndi kope pa disiki yosalumikizidwa ku kompyuta. LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Kulibwino imeneyo kusiyana ndi Office wobedwa.

Kutentha ndi chaja

Laputopu ikamayamba bwino n'kuchedwa pakapita theka la ola, fani ikulira ngati chigayo, ganizirani za kutentha. Core Temp kapena HWMonitor zimaonetsa madigiri a CPU. Akamapitirira 90 pomwe mukungolemba kalata, CPU imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, fumbi ndi dzuwa zikakumana, vutoli limakula. Musaiike pa bedi kapena pa mtsamiro, chifukwa mpweya umalowera pansi. Apa ndi pamene wokonza amafunikadi: atsegule, apukute fani, asinthe thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa CPU.

Yang'ananinso Speed pansi pa CPU mu Task Manager. Ikangokakamira pansi pa 1 GHz, monga 0.79, ngakhale kompyuta ili yozizira, kayikirani chaja. Malaputopu a Dell amachepetsa dala liwiro akalephera kuzindikira chaja, ndipo ambiri amalemba chenjezo poyaka lomwe anthu amangolidumpha. Bwerekani chaja chenicheni cha mphamvu yoyenera muyese musanagule china chilichonse.

Magetsi akamathimathima

Laputopu ya batire lakufa imazima mwadzidzidzi magetsi akathima, ndipo ikazima ikulemba pa disiki, mafayilo a Windows amawonongeka. Kuti muone mbiri yake, dinani Windows ndi R, lembani perfmon /rel. Pabwera tchati cha masiku, ndipo chizindikiro chofiira chilichonse chikuuzani pulogalamu yomwe inagwa kapena tsiku lomwe Windows sanazimitsidwe bwino. Pokonza, tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator mulembe sfc /scannow. Ikanena kuti yapeza zowonongeka koma yalephera kukonza zina, lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, kenako mubwerezenso sfc. DISM imatenga mafayilo pa intaneti, ndiye ichiteni muli ndi bandulo yokwanira. Lamulo la chkdsk C: /f liyendetseni pokhapokha CrystalDiskInfo itanena kuti disiki ili bwino. Ngati sikirini ya buluu ikubwera pafupipafupi, lamulo la mdsched limayeza RAM.

Za batire, lembani powercfg /batteryreport. Ipanga fayilo yomwe mutsegule mu Chrome, muyerekeze Design capacity ndi Full charge capacity. Yachiwiriyo ikakhala yosafika theka la yoyamba, batire latha, ndipo kuligula n'kuteteza disiki yanu.

Bandulo ikamatha msanga mukalumikiza laputopu ku foni, pitani pa Wi-Fi yomwe mwalumikizayo mu Settings muyatse Metered connection. Windows achepetsa zotsitsa. Koma musaiwale kumupatsa mpata kamodzi pamwezi. Microsoft amatulutsa zokonza chitetezo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse.

Mapulogalamu "otsuka" ndi tsogolo la Windows 10

Mapulogalamu olonjeza kuthamangitsa kompyuta ndi batani limodzi, otsuka registry (kaundula wa Windows) ndi osaka ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za kompyuta) sindiwakhulupirira. Ambiri amakuopsezani ndi "zolakwika" mazanamazana kuti mulipire, ndipo nawonso amayamba okha n'kudya RAM yomwe amati akupulumutsa. Microsoft eni ake savomereza zotsuka registry. Ngakhale odziwika bwino sakhala otetezeka nthawi zonse: mu 2017 akuba analowetsa vayirasi mu CCleaner 5.33, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anaitsitsa pa tsamba lenileni. Malo akachepa pa C, Disk Cleanup ya mu Windows ndi yokwanira, makamaka mukadina Clean up system files, ndipo WizTree imakuonetsani m'masekondi ochepa mafoda omwe adya malo. Ma driver atengeni pa Windows Update kapena pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopuyo.

Microsoft anasiya kupereka zokonza chitetezo za nthawi zonse za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, monga anachitira ndi Windows 7 mu Januwale 2020. Kompyuta imayakabe, koma mabowo atsopano omwe akuba apeza sakutsekedwanso, kupatula kwa omwe analembetsa dongosolo la ESU lowonjezera nthawi yolandira zokonzazo, lomwe kwa anthu a pakhomo linaikidwa kuti lithe mu Okutobala 2026. Windows 11 amafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta) ndi CPU ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD yofanana nayo. M'badwo mumauonera pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere (kapena ziwiri zoyamba kuyambira m'badwo wa 10): i5-6300U ndi wa 6, i5-8250U ndi wa 8. Pulogalamu ya PC Health Check imakuuzani ngati yanu ikuyenera.

Ngati siikuyenera, ndipo ntchito yanu ndi intaneti, makalata ndi mafilimu, yesani Linux Mint, yaulere yolowa m'malo mwa Windows. Mumaiika pa fulashi n'kuyatsira kompyuta pa fulashipo osakhudza Windows, kuti muone kaye ngati Wi-Fi, mawu ndi printa zikugwira. Ngati ikuyenera Windows 11, kapena mwafufuza zonsezi n'kupeza kuti Windows ndiye wawonongekadi, ndiye nthawi yofomata yakwana. Koperani mafayilo anu pa disiki ina, tsegulani angapo mutsimikize kuti akopereka, lembani penapake mapasiwedi a imelo ndi Wi-Fi, ndipo Windows mumutenge pa tsamba la Microsoft kudzera pa Media Creation Tool, yomwe imafuna fulashi yopanda kanthu ya 8GB. Ngati akukufomatirani ndi wokonza, mufunseni komwe watenga Windows wakeyo, ndipo musanachoke pa shopu tsegulani Windows Security muone kuti Real-time protection ndi yoyaka komanso kuti pa Exclusions sanaikepo foda iliyonse.